Farao Wopanda Dzina ndi Azamba Awiri

Malemba a phunziro lathu: Eksodo 1:1-22, 2:23-25, 5:1-9

 Musanapitirire, tsegulani Baibulo lanu ndi kuwerenga ndime zimene talemba pamwambazi, pakuti zonse zimene tinene zatsamira pamenepo.

Phunziro lino linayambira ku Seraleng, pafupi ndi mzinda wa Rustenburg, kumene tinasonkhana ndi abale olankhula Chichewa tsiku lina Lamulungu. Dera limenelo ndi la migodi ya platinamu, ndipo munthu ukamayenda m'misewu yake umaona milu ikuluikulu ya dothi ndi miyala yotuluka pansi pa nthaka. Titatha mapemphero, mbale wina wogwira ntchito mumgodi anati kwa ife: "Abusa, milu ija ife timaitcha mapiramidi athu. Oiunjika ndife, koma palibe amene adzatchule maina athu. Kodi si momwemonso ana a Israyeli anamangira Farao mapiramidi? Nanga Faraoyo dzina lake anali yani?"

Mafunso awiriwa ayenera kuyankhidwa bwino, chifukwa kuseri kwake kuli funso lachitatu limene mbaleyo sanalitchule: kodi munthu wamba, mlendo m'dziko la eni, alipo amene amamukumbukira?

DZIKO LA MTSINJE UMODZI

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Igupto ali muno mu Africa, kumpoto chakum'mawa. Ndi dziko lachipululu, losowa mvula, koma pakati pake pamadutsa mtsinje wa Nile. Madzi ake amachokera ku nyanja ya Victoria ndi ku mapiri a ku Ethiopia, ndipo mitsinje iwiriyo imakumana pa Khartoum. Kalelo, chaka ndi chaka, mvula ikagwa ku Ethiopia mtsinje unkasefukira ku Igupto, ndipo madzi akaphwa ankasiya dothi lakuda lachonde mmene anthu ankafesamo tirigu ndi barele. Amene anakulira kuchigwa cha Shire akudziwa ulimi wotere. Eni dziko ankalitcha Kemet, ndiko kunena kuti dziko lakuda. Kusefukira kumeneku kunaleka ndi damu lalikulu la Aswan, limene linamalizidwa m'chaka cha 1970.

Ndicho chifukwa chake njala ikavuta ku Kanani anthu ankatsikira ku Igupto. Abramu anapitako (Genesis 12:10), Yakobo ndi ana ake anapitakonso (Genesis 46). Tinganene kuti Igupto anali Joni wa masiku amenewo, kumene munthu ankalowera zinthu zikathina kwawo.

Cha m'ma 3100 Khristu asanabadwe, mfumu Narmer inalumikiza chigawo cha kumtunda ndi cha kumunsi kwa mtsinje kukhala ufumu umodzi, ndipo ufumuwo unakhala zaka pafupifupi 3,000. Wansembe wina wa kumeneko, Manetho, analemba mndandanda wa mafumu nawagawa m'mabanja 30. Mawu akuti Farao si dzina la munthu ayi. Amachokera ku mawu a Chiigupto otanthauza nyumba yaikulu, ndipo ndi dzina la mpando, monga ife Achewa timanenera kuti Kalonga. Pamapeto pake dzikolo linagwa m'manja mwa Aperisi m'chaka cha 525, kenaka mwa Alexander Wamkulu mu 332, ndipo mfumukazi Cleopatra itamwalira m'chaka cha 30 Khristu asanabadwe, Igupto anasanduka chigawo cha ufumu wa Aroma.

ANAMANGA MAPIRAMIDI NDANI?

Piramidi ndi manda a mfumu. Yoyamba inamangidwa ku Saqqara cha m'ma 2670 Khristu asanabadwe, ya mfumu Djoser, ndipo ili ndi nsanja 6 zosanjikizana. Yaikulu koposa ndi ya mfumu Khufu ku Giza, pafupi ndi Cairo, ya cha m'ma 2560. Itangomalizidwa inali yaitali mamita 146, ndipo muli miyala pafupifupi 2,300,000, yambiri yolemera matani awiri kapena kuposerapo. Kwa zaka pafupifupi 3,800 panalibe chomangidwa ndi manja a anthu chimene chinaiposa msinkhu. Pambali pake pali mapiramidi a Khafre ndi Menkaure, ndiponso chifanizo cha mkango wa mutu wa munthu chotchedwa Sphinx, chosemedwa pa thanthwe, chotalika mamita 73.

Tsono yankho la funso loyamba nali: ana a Israyeli sanamange mapiramidi a ku Giza. Pamene Mose ankabadwa, mapiramidiwo anali ataima kale zaka zoposa 1,000. Ngakhale Abramu anawapeza ali akale. Baibulo silitchulako mapiramidi. Limanena za njerwa, matope, ntchito za m'munda, ndi mizinda iwiri yosungiramo katundu, Pitomu ndi Ramese (Eksodo 1:11-14). Ku Thebes, m'manda a Rekhmire, nduna yaikulu ya mfumu Thutmose III, muli chithunzi cha akapolo ochokera kumaiko ena akuponda matope ndi kuumba njerwa, kapitawo ali poteropo ndi ndodo. Chimenecho ndicho chithunzi choyandikira ku zimene timawerenga m'buku la Eksodo.

Omanga mapiramidi anali Aigupto eni ake: amisiri okhazikika, ndi alimi otengedwa m'midzi mosinthanasinthana kukagwirira mfumu. Kuyambira m'chaka cha 1990 akatswiri ofukula zinthu zakale apeza manda a antchitowa ku Giza. Anafukulanso mudzi wawo, wokhala ndi malo ophikira buledi ndi mafupa ambiri a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zimene ankadya. Mafupa a antchitowo amaonetsa misana yoperepeseka ndi katundu, ndi miyendo yothyoka imene inachira. M'chaka cha 2013, ku Wadi al-Jarf m'mphepete mwa Nyanja Yofiira, kunapezeka mapepala a gumbwa olembedwa ndi kapitawo wina dzina lake Merer, amene ndi gulu lake la amuna pafupifupi 40 ankanyamula miyala yoyera m'ngalawa kuchokera ku Tura kupita ku Giza. Dzina la kapitawoyu tili nalo, koma unyinji wa anthu amene anakoka zingwe maina awo anatayika. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Koma denga likakwera, anthu amatchula mwini nyumba yekha.

NKHONDO YA DZINA

Kodi mafumuwa ankavutikiranji chotere? Aigupto ankakhulupirira kuti munthu akamwalira amakhalabe ndi moyo ngati thupi lake lasungika ndipo dzina lake likutchulidwa. Ndicho chifukwa chake ankaumika mitembo ndi mchere ndi kuikulunga m'nsalu. Mwambo umenewu tikuupeza ngakhale m'Baibulo, pakuti mitembo ya Yakobo ndi Yosefe inakonzedwa chomwecho (Genesis 50:2-3, 26). Dzina la mfumu ankalilemba pamwala, lozunguliridwa ndi mzere wonga chingwe, kuti litetezeke. Kufafaniza dzina la munthu kunali ngati kumupha kachiwiri.

Mbiri ya mafumu a Igupto ndi yodzaza ndi nkhondo imeneyi. Hatshepsut, mayi amene analamulira zaka pafupifupi 20, anamanga kachisi wokongola ku Deir el-Bahri. Atamwalira, m'masiku a Thutmose III, amisiri anatumidwa kukagoba zithunzi zake ndi dzina lake pamakoma. Akhenaten anasiya milungu ya makolo ake nayamba kupembedza dzuwa lokha, namanga mzinda watsopano ku Amarna; amene anadza pambuyo pake anagumula mzindawo nachotsa dzina lake pa mndandanda wa mafumu. Ramesses II, amene analamulira zaka 66 kuyambira 1279 mpaka 1213, anasemetsa zifanizo zake zinayi pa phiri la Abu Simbel, chilichonse chotalika pafupifupi mamita 20, ndipo analembetsanso dzina lake pa zifanizo za mafumu amene anamutsogolera.

Nanga Khufu, mwini piramidi yaikulu ija? Bokosi lake lamwala lili momwemo, koma ndi lopanda kanthu. Chifanizo chake chathunthu chimene chikudziwika ndi kachidole ka mnyanga wa njovu, kotalika masentimita 7.5, kamene Flinders Petrie anakapeza ku Abydos m'chaka cha 1903. Mwana akhoza kukafumbata m'dzanja limodzi.

NYALE PAMPHUMI

Mu November 1922 Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun, mfumu imene inamwalira ili mnyamata wa zaka pafupifupi 19. Munali zinthu zoposa 5,000, ndipo bokosi lam'kati mmene munagona mtembo linali la golide wolemera makilogalamu 110. Dziko lonse linazizwa. Koma ife amene tili ndi abale m'migodi tiyenera kufunsa: golide ameneyo anakumba ndani?

Golide wa Igupto ankachokera ku Nubia ndi ku chipululu cha kum'mawa kwa Nile. Mlembi wina wa Chigiriki, Agatharchides, amene anakhala m'zaka za m'ma 100 Khristu asanabadwe, anafotokoza za migodi imeneyo monga inalili m'masiku ake. Ogwira ntchito anali akaidi ndi ogwidwa kunkhondo. Ankasonkha moto pa thanthwe kuti lifewe, kenaka n'kumaliswa ndi zitsulo mumdima, nyale zitamangidwa pamphumi. Anyamata ang'onoang'ono ankakwawa m'mauna kutulutsa miyala, ndipo amayi ndi nkhalamba ankaipera pamphero. Inu amene mumayatsa nyale ya pachipewa m'bandakucha uliwonse ndi kutsikira pansi, taonani kuti ntchito yanu inayamba kale, ndi misozi yake yomwe.

Ngakhale kunyanyala ntchito kunayamba kale. Amisiri osema manda a mafumu ankakhala m'mudzi wotchedwa lero Deir el-Medina, ndipo malipiro awo anali tirigu. M'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III, cha m'ma 1157 Khristu asanabadwe, tiriguyo anachedwa kufika. Amisiriwo anasiya zipangizo zawo, napita kukakhala pansi pa akachisi a mafumu, akudandaula za njala. Mlembi Amennakht analemba nkhaniyi, ndipo pepala lake likusungidwa ku Turin m'dziko la Italy. Ameneyu ndiye sitiraka wakale koposa amene mbiri yake inalembedwa.

Anthu a kudera la Rustenburg safunika kuuzidwa kulemera kwa nkhani yotere. Pa 16 August 2012 ku Marikana apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi amene ankanyanyala chifukwa cha malipiro, ndipo mu 2014 migodi ya platinamu inaima miyezi isanu. Ifenso Amalawi tili ndi zathu zokumbukira: makolo athu amene anapita ndi Wenela, ena osabwereranso mpaka kutchedwa machona, ndi abale oposa 70 amene anafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu April 1974 ali paulendo wobwerera kwawo. Mulungu saona nkhani ya malipiro ngati yachabe. Anthu amene anawatulutsa m'nyumba ya ukapolo anawalamula kuti wantchito wosauka, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo, alipidwe pa nthawi yake (Deuteronomo 24:14-15), ndipo Yakobo akuchenjeza olemera kuti malipiro obedwa ali ndi mawu amene amafika kwa Ambuye (Yakobo 5:4).

FARAO WA M'BUKU LA EKSODO

Tafika pa funso lachiwiri. Ophunzira Baibulo agawikana pawiri. Ena amawerengera zaka 480 zotchulidwa pa 1 Mafumu 6:1 kubwerera m'mbuyo kuchokera pa kumangidwa kwa kachisi wa Solomo, nafika cha m'ma 1446, nthawi ya Thutmose III kapena Amenhotep II. Ena amaona dzina la mzinda wa Ramese nalozera kwa Ramesses II, amene anamanga likulu lake Pi-Ramesses pamalo otchedwa lero Qantir. Onsewa ali ndi zifukwa zawo. Koma chimene tikufuna muone ndi ichi: buku la Eksodo silimutchula dzina.

Sikuti Baibulo silidziwa maina a mafumu a Igupto. Limatchula Sisaki, amene analanda chuma cha m'kachisi ku Yerusalemu (1 Mafumu 14:25-26). Ameneyu ndi Sheshonq I, ndipo mizinda imene anaithira nkhondo cha m'ma 925 inalembedwa pakhoma ku Karnak. Limatchula Tiraka (2 Mafumu 19:9), ndiye Taharqa wa ku Kusi, dziko limene lero ndi Sudan. Limatchula Neko, amene anapha mfumu Yosiya ku Megido mu 609 (2 Mafumu 23:29), ndi Hofra (Yeremiya 44:30). N'zoona kuti m'masiku akalewo chinali chizolowezi kungoti Farao osaonjezapo dzina. Komabe taonani amene mutu woyamba wa Eksodo wasankha kuwatchula.

Mfumu inaitana azamba awiri a Ahebri niwalamula kuti mwana wamwamuna akabadwa amuphe. Amayiwo anaopa Mulungu koposa mfumu, ndipo anawaleka anawo ndi moyo. Maina awo alembedwa: Sifra ndi Puwa (Eksodo 1:15). Analibe asilikali, analibe manda osemedwa, anali akazi a mtundu wa akapolo. Mfumu ya dziko limene linkasamala za dzina koposa maiko onse yangotchedwa ndi mpando wake, pamene azamba awiri atchulidwa mmodzimmodzi. Faraoyo anali atachita ngati sadziwa zabwino za Yosefe, ndipo wolowa m'malo mwake ananena poyera kuti Yehova samudziwa (Eksodo 5:2). Dzina limene mfumu inalinyoza, Mulungu anali ataliulula kwa mbusa wothawa kwawo m'chipululu (Eksodo 3:13-15). Ambuye Yesu anachitanso chimodzimodzi pa nkhani ya pa Luka 16:19-31: wolemera uja alibe dzina, koma wopemphapempha wa pakhomo pake ndi Lazaro.

Palinso mwala wina woyenera kuudziwa. M'chaka cha 1896 Petrie anapeza ku Thebes mwala waukulu wa Merneptah, mwana wa Ramesses II, wolembedwa cha m'ma 1208. Pamwalapo mfumu ikudzitama kuti yawononga Israyeli kotheratu. Ndipo mwala umenewo ndiwo umboni wakale koposa wa dzina la Israyeli kunja kwa Baibulo. Wofuna kufafaniza dzina ndiye anathandiza kulisunga.

ALI KUTI LERO?

Manda ambiri a mafumu anabedwa kalekale. Ansembe anasonkhanitsa mitembo yotsala naibisa m'phanga ku Deir el-Bahri, kumene boma linaitulutsa mu 1881. Mu April 2021 mitembo 22 ya mafumu ndi mafumukazi, pamodzi ndi wa Ramesses II, inayendetsedwa m'magalimoto m'misewu ya Cairo kupita ku nyumba yatsopano yosungiramo zinthu zakale, kumene alendo amalipira kuti akaione. Zilembo zawo zomwe zinaiwalika. Zomaliza zinasemedwa pa chilumba cha Philae m'chaka cha 394 Khristu atabadwa, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,400 panalibe munthu wotha kuwerenga dzina la Farao pamwala, kufikira Champollion wa ku France anatulukira kawerengedwe kake mu 1822, pothandizidwa ndi mwala wa Rosetta umene unapezeka mu 1799. M'zaka zonsezo maina a Sifra ndi Puwa sanaleke kuwerengedwa m'masunagoge ndi m'matchalitchi, ndipo lero mukuwawerenga m'Chichewa.

Tisanyoze Igupto, abale. Mose anaphunzira nzeru za kumeneko (Machitidwe 7:22). Dziko lomwelo linabisa mwana Yesu pothawa Herode (Mateyu 2:13-15), kotero Mpulumutsi wathu amadziwa moyo wa mlendo. Yesaya analosera za tsiku limene Mulungu adzadalitsa Igupto monga anthu ake (Yesaya 19:23-25), ndipo mpingo wa ku Alexandria unatipatsa Athanasius, amene anaima nji poteteza chiphunzitso chakuti Khristu ndi Mulungu. Chimene Malemba akutsutsa ndi mtima wa Farao, ndipo mtima umenewo ukhoza kupezeka ngakhale m'chipinda cha lendi.

MAWU KWA INU

Choyamba, musaganize kuti mwaiwalika. Kuntchito mwina amakudziwani ndi nambala ya pakhadi, ndipo mumsewu amakutchani dzina lachipongwe la alendo. Werenganinso Eksodo 2:23-25 ndi kuona zimene Mulungu anachita pamene oumba njerwa ankabuula: anamva, anakumbukira pangano lake, anawaona, nawadziwa. Panapita nthawi Mose asanafike, koma kuchedwako sikunali kuiwala.

Chachiwiri, opani Mulungu pomwe mulipo. Azamba aja anayesedwa pa ntchito yawo ya masiku onse. Inunso mudzayesedwa pamenepo: wina akadzafuna chiphuphu kuti mulembedwe ntchito, wina akadzakuuzani kuti mubise ngozi imene ingaphe anzanu pansi, wina akadzakutengerani kwa sing'anga kuti mukhwimire ndalama, kapena mtima ukadzakuuzani kuti mkazi ndi ana amene munasiya kumudzi ali kutali ndipo sadzadziwa. Kukana kukhoza kukutayitsani kanthu. Sifra ndi Puwa anaika moyo wawo pachiswe, ndipo Mulungu anawachitira zabwino (Eksodo 1:20-21).

Chachitatu, chenjerani ndi piramidi yanuyanu. Kumanga nyumba ya malata kumudzi ndi kutumiza ndalama za fizi ndi feteleza ndi udindo wabwino, ndipo Malemba amaulamula (1 Timoteo 5:8). Koma alipo ena amene atha zaka khumi osapondako kwawo, osalowanso m'nyumba ya Mulungu, chifukwa akufuna kuti pobwerera mudzi wonse udzawatchule. Mose anakulira pakati pa chuma chimene tafotokozachi, ndipo atachiyeza anasankha kuzunzika pamodzi ndi anthu a Mulungu (Ahebri 11:24-26). Ndipo inu amene muli ndi antchito, kapena muli ndi mlendo pakhomo panu ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Tete, kumbukirani lamulo la pa Levitiko 19:33-34, kuti mungakhale Farao kwa mnzanu.

Aigupto sanalakwe pofuna kuti dzina lawo lisafe; analakwa malo olilembapo. Yesu anauza ophunzira ake kuti chimwemwe chawo chikhale pa maina awo olembedwa kumwamba (Luka 10:20). Dzina limenelo simulilemba nokha, ndipo siligulidwa ndi golide kapena platinamu. Limalembedwa chifukwa cha Mwanawankhosa wa Paskha amene anafera machimo athu nauka kwa akufa. Mbale wathu wa ku Seraleng, ndi inu nonse owerenga, ngati simunatero, lapani ndi kukhulupirira Iye lero, musanatsikenso pansi mawa.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene munamva kubuula kwa oumba njerwa, kumbukirani abale athu a m'migodi ndi mabanja awo kumudzi. Atetezeni potsika ndi pokwera. Tipatseni mtima wa kuopa Inu koposa anthu, ndipo mulembe maina athu m'buku la moyo, chifukwa cha Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.